Makalata Anu: Luso la Buddy Rich ndi Ukali Wake

Moni omvera nonse kulikonse kumene muli. Sabata yatha tinakuimbirani bandi ya Buddy Rich, katswiri wa ng'oma wa ku America, ndiye makalata abwera ochuluka. Lero tikhala pa bambo ameneyu basi.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Ndirande amene amaimba ng'oma m'bandi ya kutchalitchi. Akuti: "Achimwene, ndawaona pa YouTube, manja awo sakuoneka n'komwe chifukwa cha liwiro. Anaphunzira kuti zimenezi?"

Mng'ono wanga, anakulira pasiteji. Anabadwira ku Brooklyn, mumzinda wa New York, mu 1917. Makolo ake anali ochita zisudzo zoyendayenda, ndipo asanakwanitse zaka ziwiri anali atayamba kale kumenya ng'oma pamaso pa anthu. Manotsi a nyimbo sankawerenga. Ikabwera nyimbo yatsopano, ankakhala pambali n'kumvetsera wina atamugwirira ng'oma, kenako n'kukhalapo iye zonse zili kale m'mutu. Koma iwe phunzira manotsi ndithu, khutu lotero salandira aliyense.

Yachiwiri ndi ya mayi a ku Lilongwe, ndipo akwiya. Akuti: "Bwanji mukutamanda munthu wamwano? Ndinamva matepi amene akutukwana anyamata ake m'basi. Luso popanda ulemu n'lachiyani?"

Mayi, zikomo, ndipo sindikutsutsani. Matepiwo alipodi. Anawajambula mobisa ndi Lee Musiker, woimba piyano m'bandiyo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mukumva bambo wa zaka zoposa 60 akulalatira anyamata a msinkhu wa ana ake, kuwaopseza kuti awachotsa ntchito onse, wina mpaka kumukalipira chifukwa chosunga ndevu. Zimandiwawa ndikamamva. Woimba lipenga akaphonya, muuzeni kuti waphonya. Kumunyoza pamaso pa anzake n'kulakwa, kaya wonyozayo ndi katswiri wotani.

Matama anali nawo kuyambira kale. Ali m'bandi ya Tommy Dorsey, imene analowa mu 1939, ankakangana kwambiri ndi Frank Sinatra, woimba ndi pakamwa wa m'bandiyo, aliyense akufuna kuti maso a anthu akhale pa iye. Komabe Sinatra yemweyo ndi amene anamuthandiza ndi ndalama pamene Rich ankayambitsa bandi yakeyake nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo anadzalankhulanso pamaliro ake mu 1987.

Chimene ndikupempha, mayi, n'chakuti tionenso kumene ukaliwo unkachokera. Munthuyu sankadzimvera chisoni. Anadwala mtima mu 1959, anachitidwa opaleshoni yaikulu ya mtima mu 1983, koma pasanapite nthawi anali atabwerera m'basi, usiku uliwonse kumenya ng'oma mpaka malaya kunyowa. Kwa iye, munthu amene walipira tikiti ayenera kumva zonse zimene muli nazo, ngakhale muli m'holo ya sukulu ya kutauni yaing'ono. Akaona wina akuimba mwaulesi, ankaona ngati wabera omvera. Ena sanapirire, anachoka msanga. Ena, monga Steve Marcus wa sakisofoni, anakhala naye zaka zoposa khumi. Ine ndimalemekeza khamalo, mwano wokhawo ndiye ayi.

Bambo ena a ku Johannesburg afunsa kuti: "Anakwanitsa bwanji kusunga bandi yaikulu nthawi imene achinyamata onse anali atathamangira rock?"

Bambo, mwafunsa bwino. Mu 1966 anachoka m'bandi ya Harry James n'kuyambitsanso ina yakeyake, pamene anthu ankati mabandi aakulu anatha kalekale. Taganizirani kulipira oimba oposa khumi ndi asanu, basi yoyendera, malo ogona. Iye anatenga anyamata ongotuluka kumene m'makoleji a nyimbo, n'kupeza olemba nyimbo amene ankasakaniza swing, jazz ya mabandi aakulu akale, ndi zamakono za nthawiyo. Nyimbo za mu sewero lotchuka la West Side Story zimene anazilumikiza pamodzi zinkadzaza maholo. Ankaonekanso kawirikawiri pa TV kwa mnzake Johnny Carson, moti ngakhale osadziwa jazz ankamudziwa. Bandiyo inayenda mpaka chaka chimene anamwalira.

Yomaliza ndi yaifupi, ya agogo a ku Zomba: "Kodi ankadziwa kuimba mofatsa, kapena ndi phokoso lokhalokha?"

Agogo, ankadziwa, ndipo mbali imeneyi ndi imene ine ndimaikonda kwambiri. Mu 1956 Ella Fitzgerald ndi Louis Armstrong anajambula chimbale limodzi, Oscar Peterson ali papiyano, Ray Brown pabesi, Herb Ellis pagitala. Pang'oma panali Buddy Rich, akusisita pansipansi ndi maburashi a timawaya m'malo mwa timitengo, osafuna kuti amveke kuposa oimbawo. Kwezani wailesi pang'ono, tikuimbireni imodzi ya m'chimbale chimenecho.