Kodi nsomba imodzi inabala bwanji mitundu mazanamazana m'Nyanja ya Malawi?

Moni nonse, makamaka inu amene mukuphunzira biology ku yunivesite. Mabuku ambiri akamafotokoza za evolution, kusintha kwa zamoyo pa mibadwomibadwo, amayambira pa mbalame za ku zilumba za Galápagos, kumene Charles Darwin anafika mu 1835. Ife lero tiyang'ana m'madzi athu omwe. Pa nyanja zonse za madzi opanda mchere padziko lapansi, Nyanja ya Malawi ndiyo ili ndi mitundu yambiri ya nsomba. Za banja la cichlid zokha zimaposa mitundu 700, ndipo pafupifupi zonsezo simungazipeze kwina kulikonse. Mbuna, utaka, ncheni, zonsezi ndi za banja limeneli.

Mu 2018 asayansi anasindikiza zotsatira za kuyeza DNA (malangizo a chibadwa amene ana amatengera kwa makolo) ya mitundu 73 ya nsombazi. Anapeza kuti mtundu ndi mtundu zimasiyana pang'ono kwambiri, pakati pa 0.1 ndi 0.25 peresenti, kusiyana kochepa kuposa kwa munthu ndi chimpanzi. Zonsezi zinachokera kwa kholo limodzi m'zaka zosakwana 1 miliyoni. Pa nkhani ya evolution, imeneyi ndi nthawi yaifupi zedi. Ndiye funso lathu ndi ili: zinatheka bwanji?

Tiyambe ndi pakamwa pa nsombazi. Mbuna yotchedwa Labeotropheus, kamwa yake ili kunsi kwa mutu, imapala ndere pamiyala thupi lili chogona. Utaka umameza tizilombo tating'ono toyandama m'madzi. Ncheni ili ndi mano osongoka, imathamangitsa usipa. Genyochromis mento imadya mamba ndi zipsepse za nsomba zinzake. Ndipo Nimbochromis livingstonii imagona chammbali pamchenga ngati yafa, kansomba kakayandikira kuti kaone, imakakhwathula. Iliyonse ili ndi malo ake, chakudya chake, ndi njira yake yochipezera. Zimenezi pa ecology, phunziro la mmene zamoyo zimakhalira ndi chilengedwe chozizungulira, timazitcha niche. Geoffrey Fryer, yemwe anafufuza mbuna ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, anasonyeza momwe mitundu yambiri imakhalira pamiyala imodzi pogawana chakudya chotere.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amalakwitsa pa mayeso, choncho mumvetsere bwino. Nsomba sinasinthe kamwa yake chifukwa inafuna kudya ndere. Ana a nsomba imodzi amabadwa osiyana pang'ono, ndipo kusiyana kwina kumachokera kwa makolo. Amene kamwa yawo ikupala bwino ndere amakhuta, amakula, amasiya ana ambiri, ndipo ana aja amatengera kamwa yomweyo. Mibadwo ikachuluka, gulu lonse limakhala litasintha. Imeneyo ndiyo natural selection. Chimasintha ndi gulu, osati nsomba imodzi pa moyo wake.

Cichlid zili ndi mwayi wina: nsagwada zachiwiri kukhosi. Zakukhosizo zimaphwanya ndi kupera chakudya, motero zakutsogolo zimatsala ndi ntchito yogwira basi, ndipo zimatha kusintha m'njira zambiri popanda kuipha nsomba ndi njala.

Koma kusintha kamwa pakokha sikubala mtundu watsopano. Magulu awiri amayenera kuleka kuberekana. Mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, ndiye zokhala pamiyala ya ku Likoma sizikumana ndi za ku Thumbi West. Ndiponso sizimwaza mazira m'madzi. Mayi amawasunga mkamwa pafupifupi milungu 3, ana n'kukulira pomwepo. Nyanja nayo sinakhale chimodzimodzi: pa chilala chachikulu zaka zoposa 100,000 zapitazo, madzi anatsika ndi mamita mazanamazana, kenako anakweranso, kulekanitsa magulu ena ndi kusakaniza ena.

Chinanso champhamvu ndi kusankha kwa zazikazi, sexual selection. Yaikazi imakonda yaimuna ya mtundu wakutiwakuti wa khungu, ya buluu kapena yachikasu. M'mitundu ina zazimuna zimaunjika mchenga kupanga timilu, ndipo yaikazi imayendera timiluto isanasankhe. Zokonda zikasiyana, magulu awiri angathe kukhala pamwala umodzi osakwatirana.

Musasokoneze apa: chambo ndi cichlid ndithu, koma ndi cha gulu la Oreochromis, mzere wina umene unalowa m'nyanjayi paokha. Si mwana wa kholo limodzi lija.

Tsopano ku mbali ya ecology imene imandikhudza kwambiri. Cichlid yotchedwa Trematocranus placodon ili ndi mano akukhosi okhuthala ophwanyira nkhono. Zina mwa nkhonozo, za gulu la Bulinus, ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Ofufuza ku Cape Maclear anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha usodzi wopitirira muyezo, nkhono zinachuluka, ndipo likodzo linakula pakati pa anthu. Nsagwada zomwe evolution inaumba zinkateteza ana osamba m'mphepete mwa nyanja, ndipo khoka litachotsa nsombazo, chitetezocho chinapita nazo. Ku Nyanja ya Victoria, nsomba yodya zinzake yotchedwa Nile perch yomwe anaiikamo m'zaka za m'ma 1950 inathandiza kutha kwa mitundu pafupifupi 200 ya cichlid. Kwathu kuno, mu 2018 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo pa gulu la zamoyo zomwe zatsala pang'ono kutheratu.

Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka kuti iteteze nsombazi, koma imatenga kachigawo kakang'ono chabe ka nyanja, ndipo mitundu yambiri ilibe ngakhale dzina la sayansi. Inu amene mukufunafuna mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza, yambirani pamenepo.