Bokosi lomwe linatsegulidwa osathyoledwa: mafilimu a apolisi a ku Britain a m'ma 1950

Moni owonera nonse. Lero tikambirana za mafilimu a ku Britain a zaka za m'ma 1950 omwe ankaonetsa apolisi akufufuza milandu ya umbava, ndipo tikhalitsa pa filimu imodzi ya m'chaka cha 1956, The Long Arm, yomwe inapangidwa ndi kampani ya Ealing Studios motsogozedwa ndi Charles Frend.

Nkhani imayamba usiku mumzinda wa London. Apolisi afika pa ofesi ina pomwe belu lochenjeza za akuba lalira, ndipo mlonda akuwalandira mwaulemu n'kuwaonetsa kuti zonse zili bwino. Kutacha, zikudziwika kuti ndalama zapita, kuti mlonda weniweni anali m'chipatala, komanso kuti munthu amene anawalandira uja ndiye mbavayo. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti bokosi lachitsulo losungiramo ndalama silinathyoledwe kapena kuphulitsidwa, koma linatsegulidwa ndi kiyi ngati mmene mwini wake amachitira m'mawa uliwonse.

Apa ndi pomwe luso la mafilimuwa limaonekera. Wapolisi wamkulu wa ku Scotland Yard (likulu la apolisi a mu London), Tom Halliday, yemwe mbali yake anaisewera Jack Hawkins, sathamangira mfuti kapena nkhonya. Amakhala pansi n'kuwerenga mafailo a milandu yakale yomwe inakanika, mpaka atazindikira kuti mabokosi onse omwe anabedwa mwa njira imeneyi anapangidwa ndi kampani imodzi. Kuchokera pamenepo funso lakuti ndani anathyola limatha, m'malo mwake pamabwera lakuti ndani anagwirapo makiyi amenewa asanafike kwa eni ake.

Mbali yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya nyuzipepala. Akubawo atagunda ndi galimoto mnyamata wina yemwe anawaona akuthawa, mnyamatayo n'kumwalira, apolisi amapeza galimotoyo itatayidwa, muli nyuzipepala yakale. Wina akanaitaya m'dzala, koma iwo amaiyang'anitsitsa, n'kutsatira zizindikiro zake kufikira atadziwa dera lomwe inagulitsidwa, ulendo womwe umawafikitsa kumpoto kwa Wales. Owonera amayenda limodzi ndi apolisiwo khomo ndi khomo, ndipo amamva kutopa kwa ntchitoyo.

Kalembedwe kotere sikanangoyamba mwadzidzidzi. M'chaka cha 1950 kampani ya Ealing Studios yomweyo inatulutsa The Blue Lamp, momwe Jack Warner anasewera ngati wapolisi wa m'misewu George Dixon, yemwe amawomberedwa ndi mbava yachinyamata. Anthu anamukonda kwambiri wapolisiyu, moti wailesi ya BBC inamubwezeretsa pa kanema kuyambira 1955 mpaka 1976. Tivomereze kuti mafilimuwa ankawakometsa apolisi, chifukwa simuonamo ziphuphu kapena nkhanza, koma pa nkhani yoonetsa mmene umboni umasonkhanitsidwira, ine ndimaona kuti anachita bwino kuposa mafilimu ambiri amakono odzaza ndi kuwomberana.

The Long Arm imathera pa nyumba ya zoimbaimba ya Royal Festival Hall, yomwe inatsegulidwa mu 1951 m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Kumeneko apolisi amatchera msampha pa bokosi lina la kampani yopanga mabokosi ija, n'kubisala usiku kudikira munthu yemwe aliyense ankaganiza kuti anamwalira kalekale, koma makiyi akadali m'thumba mwake.