Momwe makampani adakonzera makompyuta awo chaka cha 2000 chisanafike

Takulandirani, owonera. Taonani manambala awiri amene ali pa sikirini apa: 99. Umu ndi momwe mapulogalamu ambiri a m'mabanki ndi m'makampani a inshuwalansi ankalembera chaka cha 1999. Adapangidwa pa nthawi imene malo osungira zinthu m'kompyuta anali okwera mtengo kwambiri, ndipo khadi loboola limene ankalowetsera uthenga linkangokwana zilembo 80, choncho kusiya 19 wakutsogoloyo kunkapulumutsa ndalama. Koma chaka chikangofika pa 00, kompyuta ikadachiyesa 1900, moti munthu wobadwa mu 1960 akadapezeka ndi zaka -60 m'malo mwa 40, ndipo penshoni, malipiro ndi chiwongoladzanja zikadasokonekera. Vutoli ndi limene lidatchedwa Y2K, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza chaka cha 2000.

Katswiri wa makompyuta Bob Bemer adachenjeza za nkhaniyi kale mu 1971, koma mabwana ambiri adadzidzimuka pambuyo pa 1993, katswiri wina, Peter de Jager, atalemba za ngoziyi m'magazini ya Computerworld. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makina ena a m'masitolo adayamba kukana makhadi a ku banki amene tsiku lake lothera ntchito linali ndi 00.

Kukonza mzere umodzi wa pulogalamu sikunali kovuta. Chidatenga nthawi ndi ndalama chinali kupeza mizereyo. Kampani inkayamba ndi kaundula wa chilichonse chowerenga deti, kuyambira kompyuta yaikulu ya malipiro mpaka makina a m'fakitale, kenako n'kusankha zimene bizinesi singayende popanda izo ngakhale tsiku limodzi. Mapulogalamu ambiri anali m'chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa COBOL, amene adawalemba atachoka kalekale osasiya malongosoledwe, ndiye akatswiri opuma pantchito adaitanidwanso, ndipo ntchito ina yambiri idapita ku makampani a ku India.

Akakonza, ankayesa pa makina apadera pokankhira wotchi kutsogolo. Ankaona 9 September 1999 (9/9/99), chifukwa mapulogalamu ena ankagwiritsa ntchito 9999 ngati chizindikiro chakuti faelo yatha. Ankaonanso 29 February 2000, popeza chaka chothera ndi 00 chimakhala ndi tsikuli pokhapokha ngati chikugawika ndi 400, ndipo olemba mapulogalamu ena lamuloli ankangolidziwa theka. Ku America kokha, boma lidayerekeza kuti ntchito yonseyi idadya pafupifupi madola 100 biliyoni.

Njira zazikulu zokonzera zinali ziwiri. Yodalirika inali kukulitsa malo a chaka kuti akhale a manambala anayi, koma inkafuna kusintha mafaelo onse akale. Yachidule, imene ambiri adathamangira nthawi itawathera, inali kuuza kompyuta kuti manambala aang'ono, monga 00 mpaka 19, ndi a m'ma 2000, ndipo otsalawo ndi a m'ma 1900.

Pa 1 January 2000 zimene zidasokonekera zinali zochepa, ndiye ena amati kunali kungoopsezana. Ife sitikuvomereza, chifukwa zolakwika zambiri zidagwidwa pa nthawi yoyesa ija. Chimene tingadzudzule ndi njira yachiduleyo, imene idangokankhira vuto kutsogolo: kumene adaika malire pa 20, chaka cha 2020 chitafika, makina ena adachiwerenga ngati 1920, ndipo adafunika kukonzedwanso.