Malonda a pa foni ndi ntchito za boma za pa intaneti

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo a kuno ku Ndirande. Malonda a pa foni ambirife tawazolowera. Mayi wa kaunjika ku Limbe amajambula diresi n'kuika pa WhatsApp, wogula n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza n'kukatula katundu pakhomo. Mayiyo amayankha msanga chifukwa akudziwa kuti akachedwa mukagula kwa mnzake.

Boma nalonso lalowa momwemo. Bungwe lotolera msonkho la MRA lili ndi Msonkho Online, njira yolipirira msonkho pa intaneti, ku Road Traffic za malaisensi ndi galimoto zimasungidwa m'makina a MalTIS, mayunitsi a ESCOM timagula tili khale m'nyumba. Zambiri mwa ntchito zotere zatsamira pa chiphaso cha unzika cha ku bungwe la kalembera la NRB chomwe tinalembetsa mu 2017.

Tsono pali kusiyana kumene ndikufuna timvetsetse. Wogulitsa nsapato akakukhumudwitsani, mumamusiya. Nanga pasipoti mukaitenga kuti kwina? Mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024, makina a mapasipoti ataima kwa milungu ingapo. Amene ankafuna kukaoda katundu ku Johannesburg, amene ankafuna kukalandira chithandizo kunja, onse anangoti kakasi, kusowa kolowera. N'chifukwa chake ine ndimati boma liyenera kusamala kuposa wamalonda. Wamalonda ali ndi nambala yanu yokha, pomwe boma lili ndi nkhope yanu, zidindo za zala zanu, ndi mudzi wa kwanu. Lamulo loteteza zinsinsi zoterezi linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo tili ndi ufulu wofunsa ngati likutsatidwa.

Wamalonda amasankha omugula, koma boma ndi la tonse, ngakhale agogo a ku Makata omwe alibe foni yamakono kapena ndalama ya bandulo. Khomo la ofesi lisawatsekekere chifukwa choti kwabwera kompyuta. Izi tizinena kwa makhansala ndi aphungu athu mosaopa.

Akuba okha ndiwo sasankha, ali konsekonse. Wina adzaimba kuti mwapata mphoto, wina kuti ndi wa ku ofesi ya boma. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atalankhula mwaulemu bwanji. Madobadoba olonjeza kufulumizitsa mapepala apeweni. Lipirani komwe ofesi yanena, mutenge risiti, uthenga wa pa foni musaufufute.

Amene muli ndi mafunso, kwezani manja, tiyambire kumbali ya amayi.