Makalata a Omvera: Kodi Chidapha Magalimoto a ku Mangalande N'chiyani?

Takulandirani omvera nonse kulikonse kumene mukutimvera. Sabata yatha tidakamba za magalimoto akale amene ankayenda m'misewu yathu, ndipo makalata abwera ochuluka ndithu. Lero ndiwerenga atatu.

Yoyamba yachokera ku Zomba, kwa bambo amene akuti adagwira ntchito ya umakaniko kwa zaka zambiri ndipo pano adapuma. Alemba motere:

"Bambo muulutsi, ine umakaniko ndidaphunzirira pa magalimoto a ku Mangalande. Ndinkawakonda chifukwa sankavuta kumasula, ukakhala ndi masipanala ako basi ntchito yatheka. Koma zoona zake n'zakuti ankabwera ku garaja pafupipafupi. Galimoto yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki, imabwera ikudontha oyilo, magetsi akuzimazima, chitseko chosatsekeka bwino. Mvula ikagwa usiku, m'mawa mwake kukankha. Kodi anthu amene adatiphunzitsa ntchito imeneyi zinkawakanika bwanji kwawoko?"

Zikomo achikulire. Zimene mudaona ku garaja kwanu, eni ake a ku Britain nawonso ankaziona pakhomo pawo, makamaka m'zaka za m'ma 1970. Nkhani yake imayambira m'chaka cha 1968, pomwe boma la Harold Wilson lidalimbikitsa kuti makampani awiri akuluakulu, British Motor Holdings ndi Leyland Motors, aphatikizane n'kukhala British Leyland. Mkulu wake adali Donald Stokes. Austin, Morris, MG, Jaguar, Triumph, Rover, Land Rover, pamodzi ndi malole ndi mabasi a Leyland, zonsezi zidalowa m'khola limodzi. Koma awa adali makampani amene kwa zaka zambiri ankalimbirana makasitomala, ndipo kuwapatsa dzina limodzi sikudawagwirizanitse. Aliyense ankakokera kwake.

Inu monga makaniko mumvetsa bwino nkhani ya Triumph Stag, imene idatuluka mu 1970. Idali galimoto yokongola kwabasi. M'kampani yomweyo, a Rover adali kale ndi injini ya V8 yodalirika, koma a Triumph adapanga V8 yawoyawo. Pampu ya madzi adaiika pamwamba, moti madzi akangochepa pang'ono mu ladiyeta, pampuyo imayamba kuzungulira mphepo. M'mainjini ena munkatsalira mchenga wa pomwe ankaumba chitsulo, ndipo mchengawo unkatseka njira za madzi. Injini ikawira, mitu yake ya aluminiyamu inkapindika, gasiketi n'kupsa. Tcheni cha mu injini nacho chinkatamuka msanga. Eni ake ambiri adatopa n'kuchotsa injiniyo, ena n'kuikamo ya Rover yomwe ija. Pofika 1977 kampani idasiya kuipanga. Taonani achikulire, palibe wantchito wa mufakitale amene adasankha poika pampu ija. Cholakwikacho chidachokera ku ofesi ya okonza mapulani.

Morris Marina ya mu 1971 adaipanga mothamanga kuti ipikisane ndi magalimoto a Ford, ndipo zina za kumiyendo yakutsogolo adangotengera ku Morris Minor, galimoto ya mu 1948. Idagulidwa kwambiri, koma dzimbiri lidaimaliza. Austin Allegro ya mu 1973 idabwera ndi chiwongolero chokhala ngati cha makona anayi, chimene adachisiya pasanapite nthawi. Za magetsi zimene mwatchulazo, zipangizo zambiri zinkachokera ku kampani ya Lucas, imene oyendetsa magalimoto adafika poipatsa dzina loti Kalonga wa Mdima.

Imene imandiwawa mtima ine ndi Rover SD1 ya mu 1976. Adaimangira fakitale yatsopano ku Solihull, ndipo mu 1977 idasankhidwa kukhala galimoto yopambana pa chakacho ku Ulaya konse. Pamapulani idali ngwazi. Koma ogula ankalandira galimoto yosupuka penti, yolowa madzi, ya tizitsulo ndi timapulasitiki togwa m'kati. Anthu amene adaipanga pamapepala adagwira ntchito yabwino, ndipo mbiri yake idaonongeka chifukwa panalibe woiyang'ana mokwanira isanatuluke pageti.

Kalata yachiwiri yachokera kutali, ku Birmingham, kwa mayi wa kwathu konkuno amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ndipo amatimvera pa intaneti. Akuti:

"Ena mwa agogo amene ndimawasamalira ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ya ku Longbridge. Anthu kuno amakonda kunena kuti kampaniyo idafa chifukwa antchito adali aulesi, ankangokhalira kunyanyala ntchito. Koma agogowa akamafotokoza, misozi imalengeza m'maso. Kodi n'zoona kuti adaipha okha?"

Mayi, zikomo, ndipo muwapatse moni agogowo. Sitiraka zidalipo, sitingabise. Zinkachitika pafupipafupi, nthawi zina pa nkhani zazing'ono, ndipo gulu laling'ono likasiya ntchito, fakitale yonse imaima. Galimoto yosiyidwa pakatikati kenaka n'kudzaimaliza mopupuluma singatuluke bwino. Ku Speke, mumzinda wa Liverpool, kumene ankapanga Triumph TR7, sitiraka idatenga miyezi ingapo, ndipo mu 1978 fakitaleyo idatsekedwa. Ku Longbridge komweko kudali mtsogoleri wa antchito wotchuka, Derek Robinson, amene nyuzipepala zidamutcha Red Robbo.

Kampani idali itagwa kale m'mavuto a ndalama. Mu 1975, potsatira lipoti la Don Ryder, amene adatumidwa kuti afufuze za kampaniyo, boma lidaitenga kuti isafe. Mu 1977 lidaika Michael Edwardes, wobadwira ku South Africa, kukhala mkulu wake. Iyeyu adatseka mafakitale angapo, kuphatikizapo ya MG ku Abingdon mu 1980, ndipo mu November 1979 adachotsa ntchito Robinson.

Komabe mayi, ine sindivomereza kuti mlandu wonse ausenze antchito. Makina ambiri m'mafakitalewo adali okalamba, chifukwa kwa zaka zambiri eni makampani sankaika ndalama zokwanira zogulira atsopano. Kwa nthawi yaitali antchito ambiri ankalipidwa potengera kuchuluka kwa zimene apanga, ndipo munthu wolipidwa motero amathamangira chiwerengero. Akapitawo nawo ankafunsidwa kuti lero mwatulutsa magalimoto angati. Galimoto ikakhala ndi vuto ankangoidutsitsa, poganiza kuti akaikonza kumapeto kapena akaikonza ogulitsa. Wogula ndiye ankasanduka woyesera galimotoyo, ndi ndalama zake zomwe.

Umboni wanga ndi uwu. Mu 1981 kampani yomweyi idayamba kupanga Triumph Acclaim ku Cowley, pafupi ndi Oxford. Galimotoyi idali ya Honda, pulani yake ya ku Japan, koma oimanga adali antchito a ku Britain omwe aja ankanenedwa kuti ndi aulesi. Idatuluka yodalirika, ndipo madandaulo a ogula adachepa kwambiri. Ku Jaguar, John Egan atakhala mkulu wake mu 1980 adafufuza zimene zinkaonongeka kawirikawiri, n'kupeza kuti zambiri zidali zipangizo zogula kwa makampani ena. Adawapanikiza kuti akonze, ndipo Jaguar idayambanso kugulidwa mpaka idaima payokha mu 1984. Mu 1986 Nissan idatsegula fakitale ku Sunderland, n'kulemba anthu a m'dera lomwelo, ndipo fakitaleyo idadzakhala imodzi mwa zochita bwino kwambiri ku Ulaya.

Kusiyana kwake kudali pa kayendetsedwe ka ntchito. M'mafakitale a Toyota muli chingwe chimene wantchito aliyense akaona cholakwika amakoka, akapitawo n'kuthamangirapo, ndipo vutolo likapanda kutha pompo mzere wonse umaima. Agogo anuwo pa nthawi yawo mphamvu imeneyi analibe. Ndiye mukawaona akulengeza misozi musadabwe. Munthu amene adathera unyamata wake pa ntchito ina, n'kumamva anthu akuinyoza, zimamupweteka. Ndipo mu April 2005 kampani ya MG Rover, imene idali zotsala za British Leyland ija, itagwa, anthu pafupifupi 6,000 a ku Longbridge adachotsedwa ntchito nthawi imodzi.

Pamene zonsezi zinkachitika, ogula sadadikire. Datsun ndi Toyota zidafika ku Britain zili zotsika mtengo, zina zili ndi wailesi kale m'kati, ndipo chachikulu n'chakuti m'mawa zinkalira. Kuno kwathu mudaona nokha momwe Land Cruiser ndi Hilux zidalowera m'malo mwa Land Rover, imene kale idali galimoto ya a DC, apolisi ndi amishoni. Land Rover idatithandiza kwambiri m'misewu ya matope, ndipo ulemu umenewo tisaulande. Koma dalaivala wonyamula wodwala usiku amafuna galimoto imene akudziwa kuti akafika nayo kuchipatala.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, yachokera kwa mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti: "Ndimaona pa intaneti magalimoto atsopano olembedwa MG. Kodi ndi omwe aja a ku Mangalande? Ndiwaope?"

Achimwene, dzina ndi lomwelo koma mwini wake adasintha. British Leyland ija, itasintha dzina kukhala Rover Group, idagulitsidwa kwa British Aerospace mu 1988, kenaka kwa BMW mu 1994. Mu 2000 a BMW adasunga Mini, Land Rover n'kugulitsa kwa Ford, ndipo zotsalazo adapereka kwa gulu la amalonda lotchedwa Phoenix pa mtengo wa mapaundi 10 okha. Imeneyi ndiyo MG Rover ija, ndipo itagwa mu 2005, kampani ya ku China ya Nanjing Automobile idagula zotsala zake, ndipo lero dzina la MG lili m'manja mwa SAIC ya ku Shanghai. Jaguar ndi Land Rover zili ndi Tata ya ku India kuyambira 2008. Choncho MG ya lero ilibe chibale ndi mavuto a Marina kapena Allegro. Musanagule, yendani m'mashopu a masipeyala mufunse ngati zipangizo zake zimapezeka, ndipo mupite ndi makaniko wanu akaione kunsi.

Nthawi yatithera. Pitirizani kutilembera, tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.