Kodi Google imalandira ziphuphu kuti bizinesi yanu ituluke pamwamba?

[Wofotokoza waima m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, foni ili m'manja]

Abale anga a kuno ku Mangochi, makamaka inu amene muli ndi malo ogona alendo, malo odyera, kapena boti lotengera anthu kukaona mbuna, lero tikambe za SEO. Imeneyi ndi ntchito yokonza webusaiti kuti munthu akafufuza pa Google akupezeni msanga. Mabodza ake ndi ambiri, ndipo alipo amene akudyerapo.

Wina amakuimbirani foni: "Bwana, tumizani ndalama, sabata yamawa mukhala nambala wani pa Google." Ameneyo mutsanzikeni bwinobwino. Eni ake a Google amachenjeza okha kuti palibe angalonjeze malo oyamba. Komanso nambala wani kwa ndani? Munthu wofufuza malo odyera chambo ataima pa mlatho wa Shire paboma saona zofanana ndi wofufuza ali ku Lilongwe kapena ku London.

[Foni ioneke pafupi]

Taonani apa. Zapamwambazi, zolembedwa kuti Sponsored, ndi zotsatsa malonda za Google Ads. Pamenepa ndalama imalankhuladi, koma mukangosiya kulipira dzina lanu limachokapo. Zam'munsizi sizigulidwa, ndipo kulipira zotsatsa sikukweza webusaiti yanu pamndandanda wam'munsiwu.

Ena amakhulupirira kubwereza mawu: "malo ogona Mangochi, malo ogona otchipa Mangochi, Mangochi malo ogona", tsamba lonse tho! Google imaona zimenezi ngati chinyengo ndipo ikhoza kukutsitsani. Mlendo nayenso akawerenga amangotseka. Palinso kamalo kobisika kotchedwa meta keywords, kamene opanga mawebusaiti ena amalipiritsabe kuti akudzazireni. Google inalengeza mu 2009 kuti sikagwiritsa ntchito posanja zotsatira. Kugula malinki ambirimbiri (mawu odina olozera ku webusaiti yanu) kuchokera ku mawebusaiti osadziwika nakonso kunatsitsa anthu pamndandanda mu 2012, itabwera ndondomeko ya Google yotchedwa Penguin.

Tsono chimene chimandiwawa n'chakuti chida chothandiza kwambiri bizinesi ya kuno n'chaulere, koma ambiri sanachigwirepo. Ndi Google Business Profile, kabokosi kamene kamatuluka pamodzi ndi mapu. Posankha woti imuonetse pamenepo, Google imayang'ana ngati bizinesiyo ikugwirizana ndi zimene munthu akufuna, mtunda umene ulipo, ndiponso kudziwika kwake. Mtundawo simungausinthe, zinazo zili m'manja mwanu.

Yambani ndi kadontho ka pamapu. Kakaikidwa polakwika, mlendo amakatitimira ndi galimoto mumchenga kumudzi wina, dzuwa likulowa, inu mukumudikira ndi nsima. Imani pageti penipeni, mukonze. Kenako nambala ya foni ikhale yoti imayankhidwa, osati ya mphwanu amene anapita ku Joni. Lembani nthawi yotsegulira ndi yotsekera, muike zithunzi zenizeni za chipinda, bafa ndi gombe. Mlendo akasangalala, m'pempheni alembe ndemanga asanakwere galimoto. Koma kutuma alamu ndi asuweni kuti akuyamikireni ngati anagonapo n'koletsedwa, ndipo ndemanga zotere zikadziwika zimafufutidwa.

"Ine ndili ndi tsamba la Facebook, ondikonda ndi ambiri." Zili bwino achemwali, malonda amayenda kumeneko, koma kuchuluka kwa malaiki sikukweza webusaiti pa Google.

Pa webusaitipo lembani zimene anthu amakufunsani tsiku ndi tsiku pa WhatsApp. Chipinda ndi zingati? Kuchokera paboma akwere chiyani, atsikire pati? Mumalandira Airtel Money kapena Mpamba? Magetsi akazima muli ndi sola? Nyengo ya mwera boti limapita kuchilumba? Mafunso omwewo ndi amene anthu amalemba pa Google. Ndipo tchulani malo monga mmene mlendo amawadziwira: ife timati ku Chembe, iye amalemba Cape Maclear, ndiye maina onse awiri akhalepo.

Musaiwale kuti Google imayang'ana webusaiti yanu monga imaonekera pafoni, osati pakompyuta yaikulu ya amene anakupangirani. Itseguleni pafoni yanu, ndi bandulo yanu, muli komwe netiweki imavuta. Ngati zithunzi zikuzengereza mpaka inu mwini kutopa, uzani wokonzayo azichepetse.

Zonsezi sizibala zipatso sabata imodzi, nthawi zambiri pamadutsa miyezi. Kuti musamangomva za m'maluwa, lembetsani webusaiti yanu pa Google Search Console, nayonso ndi yaulere. Imaonetsa mawu amene anthu analemba asanakupezeni, ndi kangati anadina. Mukalemba munthu ntchito ya SEO, akauntiyo ikhale pa imelo yanu, osati yake, kuti tsiku limene mwasiyana asapite nayo.