Kochi amene anamumata tepi kumaso

Muli bwanji nonse amene mukumvera, kuno ku Baton Rouge kwacha bwino, ndangoweruka kumene shifiti yausiku ndiye ndati ndisanagone ndikuuzeni za bambo ena achikulire omwe timagwira nawo ntchito, nkhani yawo yandikhala mumtima sabata yonseyi.

Kuno ku Louisiana mpira wa ku koleji ndi moyo wa anthu, ndikunena mpira wa ku America uja wogwira ndi manja, osewera atavala zipewa zolimba. Timu yakuno ndi LSU Tigers ya yunivesite ya Louisiana State, bwalo lawo la Tiger Stadium mumalowa anthu opitilira 100,000, Loweruka la gemu anthu amalawilira kukaphika gumbo ndi jambalaya m'mapoto akuluakulu kumbuyo kwa magalimoto awo ndipo pafupi ndi bwalolo amaweta nyalugwe weniweni, dzina lake Mike.

Ndiye bambo aja ali ndi chithunzi cha timu ya 2003 mkati mwa loka yawo, chakale mpaka mitundu inasuluka, koma nkhope ya munthu mmodzi anaimata tepi yakuda. Tsiku lina ndinalimba mtima nkufunsa kuti achikulire, ameneyu anakulakwirani chani? Anakhala kaye chete, kenako anangoti Nick Saban.

Saban anabwera ku LSU ngati kochi mu 2000 kuchokera ku Michigan State, anapeza timu yoti chikho cha dziko lonse inachiona komaliza mu 1958. Mu January 2004 anagonjetsa Oklahoma 21-14 ku New Orleans chikho nkubwera. Bambo aja akuti gemu imeneyo anaonera ndi malemu bambo awo, omwe anadikira zaka 45 zonsezo, ndipo ndi tsiku lokhalo limene anawaona akugwetsa misozi pagulu. Nchifukwa chake chithunzicho sangachitaye olo pang'ono.

Kumapeto kwa 2004 Saban anapita ku Miami Dolphins ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, apo akuti anthu anamvetsa ndithu, munthu amafuna kukwera. Chinawabaya ndi chakuti mu December 2006 anauza atolankhani kuti sadzakhala kochi wa Alabama, timu ya koleji yomwe imalimbana kwambiri ndi LSU, koma pofika January 2007 anali ali ku Tuscaloosa, kwawo kwa timuyo, atasaina kale. Inu a kumudzi tangoganizani kochi wakupatsani ligi ku Bullets kenako mukumuona pa benchi ya Nyerere, ndipo chaka ndi chaka akubwera kudzakumenyani. Mu January 2012 m'bwalo la Superdome ku New Orleans momwe muja munali chisangalalo cha 2004, Alabama inathira LSU 21-0 pa fainolo, gemu yonse LSU inadutsa pakati pa bwalo kamodzi kokha. Tepi ija anaimata usiku umenewo.

Chomwe chimandikhudza ine nchakuti bambowa samunyoza Saban ngati mmene achinyamata amachitira, amanena okha kuti zikho zomwe LSU inatenga za 2007 ndi 2019 maziko ake anakumba ndi iyeyo, amangoti anatiphunzitsa kuwina kenako nkutisiya. Mawu amenewo anandilasa chifukwa inenso ndinasiya anthu. Pali ana omwe ndinkawaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu, ndinawauza kuti ndikupita zaka ziwiri zokha ndibweranso, pano papita nthawi yaitali ndipo ena anakwatiwa ine kulibe. Ndikamaimba foni amandilankhula mwaulemu, koma ndimamva ndithu kuti pali kenakake kamene sakunena.

Saban anapuma ntchito mu January 2024 atatenga zikho 6 ku Alabama. M'mawa mwake ndinawapeza bambo aja ataima pa loka, chitseko chili chotsekula, khofi m'manja akuzizira. Ndinawafunsa ngati tepi ija aichotse tsopano, anayankha kuti yakhalitsa kwambiri, akaimatula ichoka ndi nkhope yomwe. Anatseka loka tinapita kukayamba ntchito.